Musanalipire kosi ya za moto, werengani kaye apa

Papita nthawi ndisanalembe. Teremu ino yandipanikiza ndipo mapepala a Fomu 4 akadali mulu patebulo. Koma sabata yatha ndinalandira uthenga umene wandisowetsa tulo, ndiye ndati ndiyankhire pano kuti ena atolepo kanthu.

Uthengawo unachokera kwa mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa sayansi kalekale. Ndikuti mtsikana chifukwa cha chizolowezi chabe, panopa ndi mayi wa ana awiri. Ali ku England, amagwira ntchito panyumba yosamalira okalamba, ndipo posachedwapa anamukweza kukhala wachiwiri kwa bwana. Eni nyumbayo amuuza kuti apeze kosi ya fire risk assessment kuti chaka chamawa azilemba yekha lipoti la za moto, iwo asamalipirenso munthu wakunja. Iye walowa pa intaneti n'kupeza makosi ankhaninkhani. Ina ndi ya maola awiri, yotchipa kwambiri, satifiketi yake imatuluka tsiku lomwelo. Ina ndi ya masiku angapo, ili ndi mayeso, mtengo wake wopweteka. Funso lake linali lakuti: “Sala, poti zonse zikupereka satifiketi, ndingotenga yotchipayo?”

Inetu si wozimitsa moto. Anandifunsa chifukwa amakumbukira usiku wina pasukulu ina imene ndinali boarding master, ndipo nkhani imeneyo ndiifotokoza m'munsimu. Koma yankho langa ndalitumiza kale, ndipo ndi lakuti ayi. Kosi uziisankha poyang'ana nyumba imene ukaiyendere ndi anthu amene amagonamo. Mtengo ndi kukongola kwa pepala zibwere pambuyo.

Kwa amene mawuwa ndi achilendo, fire risk assessment ndi kuyendera nyumba mwadala, chipinda ndi chipinda, uku ukudzifunsa kuti moto ungayambire pati, ungadye chiyani, ndani angatsekerezeke, nanga angatulukire kuti. Ukatero umalemba zimene waona, zofunika kukonza, wokonza wake ndi tsiku lake, kenako n'kudzabweranso kudzaona ngati zachitikadi. Ku England ndi ku Wales ntchito imeneyi ndi lamulo. Lamulo lake amalitchula mwachidule kuti Fire Safety Order la 2005, ndipo linayamba kugwira ntchito mu Okutobala 2006. Lisanabwere, ozimitsa moto ndiwo ankapereka satifiketi ku nyumba zina monga mahotela ndi mafakitale. Litabwera, udindo unagwera mwini malo kapena wolemba anthu ntchito. Kuyambira Okutobala 2023 lipotilo liyenera kulembedwa lonse ngakhale malowo akhale aang'ono bwanji, ndipo dzina la amene anapatsidwa ntchito yoyendera liyenera kulembedwa. Mwana wanga, dzina limenelo likhala lako. Mu 2011 khoti la ku Nottingham linatumiza kundende kwa miyezi 8 munthu wina amene analemba malipoti osalongosoka a mahotela awiri a ku Mansfield, pamodzi ndi woyendetsa mahotelawo.

Chodabwitsa n'chakuti kwa zaka zonsezi lamulolo silinatchule pepala limene woyendera ayenera kukhala nalo. Ndiye msika unadzaza. Aliyense wokhala ndi kompyuta anayamba kugulitsa kosi, ndipo aliyense wogula anayamba kudzitcha katswiri. Zotsatira zake zinaoneka pa Grenfell Tower ku London, pamene moto wa pa 14 Juni 2017 unapha anthu 72. Chimene chinafalitsa motowo mofulumira ndi zophimba khoma lakunja, zimenezo n'zodziwika. Koma lipoti lomaliza la kafukufuku, limene linatuluka mu Seputembala 2024, linapezanso kuti munthu amene ankayendera nyumbayo anakokomeza maphunziro ake, zilembo zina zimene ankaika kumapeto kwa dzina lake zinali zongopeka, ndipo analibe luso loyenera nyumba yaitali ngati imeneyo. Lipotilo linapempha kuti oyendera nyumba azikakamizidwa kutsimikiziridwa luso lawo, ndipo mu Febuluwale 2025 boma la Britain linavomereza. Amene akugula satifiketi ya maola awiri lero aone kumene mphepo ikulowera.

Koma nkhani imene ndinamuuza mwana wangayo kuti aiwerenge asanalipire kalikonse ndi ya Rosepark, nyumba yosamalira okalamba ya ku Uddingston, kufupi ndi Glasgow ku Scotland. Usiku wa pa 31 Januwale 2004 moto unayamba m'kabati ya m'korido chifukwa cha vuto la mawaya a magetsi. Motowo sunali waukulu ndipo sunatenge nthawi. Koma zitseko za zipinda zambiri zinali zotsegula, utsi unalowa, ndipo okalamba 14 anamwalira. Ogwira ntchito anataya mphindi 9 asanaimbire ozimitsa moto. Chimene chimandiwawa n'chakuti nyumbayo inali nalo lipoti. Munthu anabwera, anayendera, analemba, analipidwa. Koma kafukufuku amene anatha mu 2011 anapeza kuti lipotilo silinawerengere okalambawo monga anthu amene ali pangozi, ndipo silinaganizire za moto wobuka usiku. Taganizani, m'nyumba ya okalamba, lipoti la moto n'kuiwala okalamba! Wolembayo mwina ankadziwa mitundu yonse ya mabotolo ozimira moto. Chimene sanachite ndi kuima m'korido n'kudzifunsa kuti 4 koloko m'bandakucha, antchito ali ochepa, agogo amene sangathe kudzuka okha atuluka bwanji.

Kusiyana kwa makosi kwagona pamenepo. Kosi ya maola awiri ikuphunzitsa zimene ine ndimaphunzitsa Fomu 1, kuti moto umafuna kutentha, chakudya chake ndi mpweya wa okosijeni, ukachotsa chimodzi wazima. Ikuuza kuti ku Britain botolo la thovu lili ndi chizindikiro cha kirimu, la ufa cha buluu, la mpweya wa carbon dioxide chakuda, ndiponso kuti madzi sathira pa magetsi kapena pa mafuta ophikira amene akuyaka. Zonsezi n'zabwino, ndipo sindikuinyoza. Wantchito aliyense, mlonda aliyense, prefect aliyense akanaichita ndikanakondwa. Koma imeneyo ndi kosi yodziwitsa, yoti munthu adziwe chochita alamu ikalira. Kuweruza ngati nyumba yonse ili bwino ndi ntchito ina. Kumafuna kudziwa mmene utsi umayendera pamwamba pa siling'i kuchoka chipinda china kupita china, chifukwa chimene chitseko chopirira moto mphindi 30 chimasanduka thabwa wamba munthu akachipinga ndi mpando, kutalika kwa mtunda umene munthu angayende asanafike potulukira, ndi mmene amasunthira odwala kuchoka mbali imene yayaka kupita kuseri kwa khoma lopirira moto m'malo motulutsa onse panja nthawi imodzi. Zimenezi sungaziphunzire pongodina mayankho pafoni uli m'basi.

Ndiye ndinamuuza kuti funso loyamba kwa ogulitsa kosi likhale lakuti: kodi ndikayendera nyumba yeniyeni n'kulemba lipoti langa, ndipo alipo munthu wodziwa amene akalichonge? Ngati yankho ndi ayi, tseka tsambalo. Ife aphunzitsi izi timazidziwa bwino. Palibe amene amapatsidwa kalasi chifukwa choti wawerenga buku la kaphunzitsidwe. Umapita kaye ku teaching practice, wina n'kukhala kumbuyo ndi cholembera, iwe thukuta lili kamukamu kutsogolo. Kosi ya NEBOSH ya Certificate in Fire Safety, mwachitsanzo, ili ndi mayeso olemba ndiponso gawo limene umayendera malo enieni n'kupereka lipoti lako kuti lichongedwe. Ndi poyambira pabwino. Koma eni ake amanena okha kuti cholinga chake ndi malo a ngozi yochepa kapena yapakatikati. Nyumba imene anthu ofooka amagonamo siili m'gulu la ofesi kapena shopu.

Chachiwiri ndi kufunsa amene akupereka pepalalo. Kampani yophunzitsa ndi ina, bungwe lopereka satifiketi ndi lina, ndipo zikakhala kuti wophunzitsa, wochonga ndi wosindikiza pepala ndi munthu mmodzi, chenjera. Ku England kuli Ofqual, imene ili ndi kaundula wa maphunziro ovomerezeka, ndipo aliyense angathe kufufuzamo dzina la kosi kwaulere. Zilembo za CPD zimene amakongoletsera masamba awo zimangotanthauza kuti maola amenewo ungawawerengere ngati maphunziro owonjezera. Sizikutanthauza kuti wayesedwa luso. Yang'ananso ngati kosiyo imazindikiridwa ndi mabungwe amene ali ndi kaundula wa oyendera nyumba, monga Institution of Fire Engineers kapena Institute of Fire Safety Managers. Mabungwe amenewa salembetsa munthu chifukwa cha satifiketi yokha, amafuna umboni wa ntchito imene wagwira. Mu 2025 ku Britain kunatulukanso muyezo wa BS 8674, umene umagawa luso la oyendera m'magawo atatu molingana ndi kuvuta kwa nyumba. Wogulitsa kosi amene sangakuuze kuti kosi yake ikukufikitsa gawo liti ndiye kuti sakudziwa chimene akugulitsa, kapena akudziwa koma sakufuna kuti iwe udziwe.

Pali chizindikiro china chimene ine ndimachikhulupirira kuposa zonsezi. Kosi yabwino imakuuza malire ako. Mphunzitsi wake amanena poyera kuti mukamaliza pano mukhoza kuyendera malo akutiakuti, koma mukakumana ndi zakutizakuti itanani wokuposani. Kosi imene ikulonjeza kuti Lachisanu udzakhala wokonzeka kuyendera nyumba iliyonse ikukunamiza.

Ndikudziwa kuti nkhani ya ndalama ndi yeniyeni. Ana anga akunja ndalama zanu zili ndi eni ake ambiri, kuno tonse timakuyang'anani. Koma pamenepa wofuna kupulumutsa ndalama ndi bwana, ndiye alipire yekha kosi yoyenera, ndipo chaka choyamba kapena ziwiri wakunja uja abwerebe, iwe uziyenda pambuyo pake ndi kope m'manja. Bwana akakana zonse ziwiri, ndiye kuti akufuna dzina loika papepala basi. Usapereke lako. Paja safunsa anadya phula.

Tsopano za usiku uja, ndipo apa ndikulankhula ndi inu aphunzitsi anzanga. Inali nyengo ya mayeso, magetsi atazima. Mnyamata wina anayatsa kandulo pabedi, mkati mwa neti, kuti awerenge, tulo n'kumuba. Neti inayaka, moto n'kugwira matiresi a siponji. Amene munaonapo siponji ikupsa mukudziwa utsi wake wakuda uja, wotsamwitsa, umene umadzaza chipinda munthu asanapeze nsapato. Chitseko cha hositelo chinali chokiya kunja ndi loko. Analamula zimenezo ndi ine, chifukwa anyamata ankazemba usiku kupita kukaonera mafilimu pamsika. Mawindo onse anali ndi zitsulo. Kiyi anali ndi mlonda, ndipo mlondayo anali kukhitchini akuotha moto. Ndinadzuka ndi phokoso la ana akumenya chitseko, ndipo mpaka lero phokoso limenelo ndimalimva. Anyamata ena olimba mtima anazima motowo ndi mabulangete ndi ndowa ya madzi imene wina anasungira kusamba m'mawa. Mmodzi anapsa manja. Palibe anamwalira, koma sikuti chifukwa cha nzeru zanga.

Masabata awiri izi zisanachitike ndinali nditasaina fomu yonena kuti hositeloyo ili ndi mabotolo awiri ozimira moto ndi ndowa za mchenga. Sindinaname, zinalipodi. Fomuyo sinafunse za loko, ndipo ine sindinadzifunse. Ndinayendera masana, zitseko zili chitsegulire, ana ali m'kalasi, n'kuona kuti zonse zili bwino.

Anzathu m'maiko oyandikana nafe analibe mwayi umene ine ndinali nawo. Ku Kenya, pasukulu ya sekondale ya Kyanguli ku Machakos, anyamata 67 anafera m'hositelo mu Malichi 2001, ndipo kumeneko chitseko china chinali chokiya, mawindo ali ndi zitsulo. Mu 2008 ku Uganda ana 20 anafera pa Budo Junior School. Mu 2009 ku Tanzania atsikana 12 anafera pasukulu ya Idodi. Mu Seputembala 2024 ku Kenya komweko anyamata 21 anafera pa Hillside Endarasha ku Nyeri. Ndipo ana anga a ku Joni simunaiwale nyumba ya Usindiso ku Johannesburg, kumene pa 31 Ogasiti 2023 anthu 76 anafa, ena mwa iwo Amalawi anzathu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kodi mphunzitsi wa kuno achite kosi yanji? Makosi ena a ku Britain, kuphatikizapo a NEBOSH, munthu angathe kuwachita pa intaneti ali konkuno, ndipo sukulu imene ingakwanitse itumize mmodzi. Koma apite maso ali tcheru. Mabuku awo amalembedwa moganizira kuti nyumba ili ndi alamu yomva utsi, magetsi ounikira njira amene amayaka okha ena akazima, ndiponso kuti galimoto yozimira moto ifika m'mphindi zochepa. Kwathu kuno magalimoto amenewo timawadalira ku makhonsolo a mizinda monga Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Sukulu imene ili kutali ndi mizinda imeneyi ingodziwa kuti galimoto ikadzafika idzapeza phulusa. Choncho chimene mphunzitsi atengeko ku kosi yotere ndi kaganizidwe kake, mafunso aja a moto uyambira pati, ndani ali pangozi, atulukira kuti. Mayankho ake akhale a kuno: kandulo ndi koloboyi magetsi akazima, mahita a waya amene ana amawiritsira madzi mobisa, machaja olumikiza mwachinyengo pa soketi imodzi, mabedi osanjikiza amene tawathithikiza mpaka kutseka njira chifukwa talandira ana oposa malo, nkhuni zounjika pakhoma la khitchini, mankhwala a mu labu amene akhala m'kabati imodzi chichokereni azungu.

Amene sangakwanitse za kunjazo asakhale pansi. Lemberani kalata ozimitsa moto a khonsolo imene muli nayo pafupi, muwapemphe adzaphunzitse pasukulu panu pomwepo. Ndikunenetsa kuti pasukulu pomwepo. Tisanamizane aphunzitsi anzanga, kukabwera kalata ya semina funso lathu loyamba limakhala la alawansi, lachiwiri la hotela, ndipo amene amapita amakhala amene ali pafupi ndi ahedi osati amene amagona pafupi ndi ana. Inenso ndinadyapo zimenezo, sindikudziyeretsa. Koma maphunziro a moto ochitikira m'holo ya hotela kunyanja, okhala ndi tiyi wa 10 koloko ndi satifiketi ya golide m'mbali, ndi kosi ya maola awiri ija yangovala jekete. Wophunzitsa aone hositelo yanu, agwire loko wanu, ayese kutsegula windo lanu. Ndipo m'chipindamo mukhale boarding master, ametroni, alonda, ophika ndi ma prefect, chifukwa usiku amene amakhalapo ndi amenewo.

Wina anena kuti aphunzitsi mukuiwala chifukwa chimene timakiyira. Sindinaiwale. Akuba alipo, amuna oipa ozungulira mahositelo a atsikana alipo, ndipo kholo limene mwana wake watenga mimba ali pasukulu silifuna kumva za njira zothawira moto. Mantha amenewa ndi enieni, ndipo wophunzitsa amene angangokuuzani kuti chotsani zitsulo zonse n'kumapita sanakuthandizeni. Ndiye chifukwa chake ndikuti musankhe woti mukangane naye muli pamalopo. Njira zilipo zosadula kwambiri. Chitseko chikhoza kukhala chosatseguka kwa wakunja koma chotseguka kwa wamkati, ndipo chizitsegukira panja kuti ana akaunjikana asachipanikize. Zitsulo za windo limodzi kapena awiri m'chipinda chilichonse zikhoza kuikidwa pa mahinjesi n'kumatsegukira mkati. Hositelo yaitali ikhale ndi makomo awiri, uku ndi uku, onse ogwira ntchito, osati lina lotsekedwa ndi masutikesi. Mwana wozemba usiku ndi vuto la mwambo, ndipo tili ndi njira zambiri zothana nalo: kuitana maina, mlonda pakhomo, chilango. Ine ndinasankha loko chifukwa ndi amene ankandilola kugona.

Mwana wanga uja wayankha dzulo. Akuti bwana wanyinyirika koma wavomera kulipira kosi yaitaliyo, ndipo za kusunga wakunja uja akambirananso mwezi wamawa. Akutinso wawerenga za Rosepark, ndipo usiku womwewo ali pantchito anayenda m'korido n'kupeza zitseko zitatu zopingidwa, china ndi mpando, ziwiri ndi tawulo lopinda, chifukwa okalambawo sakonda kugona chitseko chili chotseka. Wandifunsa kuti atani, poti akachotsa mpando agogowo amalira. Ndamuuza kuti limenelo likhale funso lake loyamba tsiku loyamba la kosi, ndipo aone ngati wophunzitsayo atchule zogwirira zitseko zimene zimamasuka zokha alamu ikalira.

Kuno kwathu ndapempha ahedi kuti Lachisanu lino, ana atagona, tiyendere hositelo ya anyamata ndi tochi, magetsi titazimitsa dala, ndipo ametroni ndi aphunzitsi aakazi awiri achite chimodzimodzi kwa atsikana. Ndikufuna tione kuti zitenga mphindi zingati kuti mwana womaliza afike pabwalo la mpira. Wowotcherera zitsulo wa pamsika wabwera kale kudzayeza mawindo, tikudikira mtengo wake kuti tikaupereke ku komiti ya makolo. Inu amene munagonapo m'mahositelo amenewa, ndiuzeni kumene munkabisa mahita ndi makandulo. Panopa sindingakupatseninso chibalo.